Tenda ikufuna BIM: ife amagetsi tipindulapo chiyani?

Zokambirana pa gulu la amisiri a magetsi ndi anzawo a zomangamanga mu Blantyre, kuyambira Lachitatu madzulo

Wamagetsi wa ku Chirimba, 18:42
Mwaswera bwanji akuluakulu nonse. Pali nkhani yandiimitsa mutu. Ndatenga mapepala a tenda ya nyumba ya maofesi yosanjikiza katatu cha ku Ginnery Corner, mbali ya magetsi yokha. Ndiye pa tsamba lina alemba kuti wamagetsi azigwira ntchito potsata modelo ya BIM, ndipo pomaliza apereke zosonyeza momwe waikiradi zinthu. Ine zaka 14 zonsezi ndimagwira ndi pulani ya papepala ndi PDF ya pafoni. Chimenechi n'chiyani kwenikweni? Ndiwonjezere ndalama pa mtengo wanga, kapena tendayi ndingoisiya?

Madala a ku Ndirande, 18:45
Bimu ndi ya omanga imeneyo. Ife amagetsi timangoizemba. Kafunseni a zitsulo.

Mwana wa Poly, 18:46
😂 Madala, si ring'i bimu ayi. B, I, M.

Madala a ku Ndirande, 18:47
Ndikudziwa mwana iwe, ndimakuyesa dala. Longosola timve, si uli pa sukulu yake?

Mwana wa Poly, 18:49
Ndi Building Information Modeling. Koma alongosole ndi Mayi Injiniya, ine ndangoiona m'kalasi ku MUBAS, pa saiti sindinafike nayo.

Mayi Injiniya, 19:03
Pepani ndinali pa msewu, pa Chichiri panadzaza. Achimwene a ku Chirimba, tendayo musaisiye musanamvetse chomwe akufuna.

Ndiyambire apa. Pulani ya AutoCAD imene tinazolowera ndi mizere basi. Kabwalo kamene mumakawerenga kuti soketi, kompyuta imangokaona ngati kabwalo. Mu BIM nyumba imamangidwa kaye yonse mu kompyuta, ndipo chinthu chilichonse chimadzidziwa. Soketi imadziwa kuti ndi soketi ya 13A, ili pa khoma liti, yatalika bwanji kuchoka pansi, ili pa circuit iti, ikudya ku DB (bokosi logawira magetsi) iti, pa phase iti. Akitekiti amapanga modelo yake, injiniya wa zitsulo ndi konkire yake, a mipope yawo, a ma aircon yawo, ife athu a magetsi yathu. Kenako zonse zimasanjidwa pamodzi n'kuona ngati zikukwanirana. Mapulani a papepala amene mumalandira amatuluka m'modelo momwemo, ndiye khoma likasuntha, lasuntha pa tsamba lililonse nthawi imodzi. Ija nkhani yoti tsamba 4 likunena zina, tsamba 9 zina, imachepa.

Pulogalamu imene ambiri amagwiritsa ntchito ndi Revit ya Autodesk. Aakitekiti ena amakonda ArchiCAD. Koma BIM si dzina la pulogalamu, ndi kagwiridwe kake ka ntchito.

Kapitawo wa ku Bangwe, 19:08
Ndiye kuti ndi zithunzi za 3D zija amaonetsa kasitomala, nyumba itapakidwa penti, panja pali galimoto ndi maluwa?

Mayi Injiniya, 19:10
Ayi a kapitawo, zijazo n'zogulitsira malonda. Chikomekome cha mkuyu. Modelo imene ikutikhudza ife siyooneka bwino n'komwe, ndi mapaipi ndi zitsulo zokhazokha. Ubwino wake uli m'kati.

Wamagetsi wa ku Chirimba, 19:21
Ngati zili choncho ndiye ndikukumbuka chimene chinandichitikira chaka chatha pa nyumba ina ku Limbe, sinditchula. Pulani inaonetsa cable tray, chitsulo chonyamulira makebulo chija, ikuyenda mowongoka m'khonde kuchoka ku chipinda cha main board kukafika ku DB ya mbali ina. Ndinayeza pa pulani, ndinawonjezerapo pang'ono, ndinagula kebulo ya armoured 4 core 35mm n'kuidula. Tsiku loika tray tinapeza bimu yatsika kwambiri pakati pa khonde, ndipo mpata umene unatsala pansi pake anali atadutsitsapo kale duct ya aircon ndi paipi ya chimbudzi cha m'mwamba. Siling'i sakanaitsitsa chifukwa ikanagunda mafelemu a zitseko. Tinazungulira kudzera m'zipinda ziwiri, kebulo inaperewera mamita 9. Injiniya anakana joint, ndipo sindimuda, nanenso ndikanakana. Ndinagula ina yonse. Yoyamba ija ili kunyumba mpaka lero, mayi akunyumba amaiyang'ana ndi diso loipa.

Mayi Injiniya, 19:26
Eya, chimenecho ndiye chenicheni. Amachitcha clash detection. Mamodelo onse amalowetsedwa mu pulogalamu ngati Navisworks, n'kuiuza kuti ifufuze paliponse pamene tray ya magetsi ikugundana ndi bimu, duct kapena paipi. Imatulutsa mndandanda, malo aliwonse ndi chithunzi chake. Bimu yanu ya ku Limbe ikanaoneka maziko asanakumbidwe. Mukanakhala pansi n'kusankha: kapena tray idutse kwina, kapena injiniya wa konkire alole kusiya bowo mu bimu, aike sleeve, kapaipi kosunga bowolo, asanathire.

Ndipo si kugundana kokha. Mutha kuiuza kuti kutsogolo kwa DB kukhale malo oti munthu aime n'kutsegula chitseko, kapena kuti mawaya a data atalikirane ndi a magetsi. Chinthu chikalowa m'malo amenewo, imakuuzaninso ngakhale sizinakhudzane.

Wamipope wa ku Zingwangwa, 19:29
Ndipo zikagundana opatuka ndinu amagetsi, mudziwiretu. Paipi ya chimbudzi imayenda motsetsereka, singakwere phiri chifukwa cha waya wanu. Waya amapindika.

Wamagetsi wa ku Chirimba, 19:30
Mwayamba achimwene. Ndinu nomwe munadutsitsa paipi pamwamba pa DB paja.

Wamipope wa ku Zingwangwa, 19:31
Ndinafika poyamba ndine 😄

Mayi Injiniya, 19:33
Akuseka koma akunena zoona. Zoyenda motsetsereka ndi zikuluzikulu ngati ma duct zimayamba kupatsidwa njira, ife timabwera pambuyo. Ndiye chifukwa chake BIM imathandiza amagetsi kuposa ena ambiri. Pa saiti wofika mochedwa amapeza mu siling'i modzaza kale. Mu modelo mumapatsidwa njira yanu aliyense asanakwere pa makwerero, ndipo wina akakulandani muli ndi poloza.

Madala a ku Ndirande, 19:52
Ndakhala chete kumvetsera. Tsopano ndiyankhule.

Ine ndinayamba ntchitoyi anthu akujambula ndi pensulo pa tebulo lopendekeka. Tinkatenga pulani ya magetsi ya pa pepala loonekera lija, kuisanjika pa pulani ya zitsulo, kuziika pa galasi la windo dzuwa likuwala. Pamene mizere yadutsana tinkazunguliza ndi cholembera chofiira. Ndiye zimene mukutcha dzina lachizungu lija tinkachita kale. Sindikunyoza, makina amaona zambiri kuposa maso anga, ndavomera.

Koma vuto la mu Blantyre muno si kusowa kwa kompyuta. Vuto n'loti wamagetsi amaitanidwa silabu atathira kale. Umangolandira foni kuti madala bwerani mutiikire magetsi, kufika kupeza nyumba yafika pa lintala ya m'mwamba, mu silabu mulibe conduit ngakhale imodzi. Ndiye uyambe kugulula makoma ndi gulaindala, fumbi lokhalokha, mwini nyumba akukudandaula kuti ukumuonongera. Ena mpaka amaboola bimu mobisa n'kudula chitsulo m'kati, zinthu zoti zingagwetse nyumba. Kompyuta ichita chiyani pamenepo, ngati munthu sanaitanidwe?

Kapitawo wa ku Bangwe, 19:55
Apa madala alasa. Komanso ife omanga tisamanamiziridwe nthawi zonse. Nthawi zina bwana amakhala asanapeze wamagetsi, simenti yafika, mixer ya hayala ikuwerenga masiku. Ndidikire ndani?

Mayi Injiniya, 20:04
Madala, sindikutsutsani ngakhale pang'ono. BIM pa nyumba imene wamagetsi sanaitanidwe ndi yopanda ntchito. Koma taonani mbali inayi. Pa ntchito imene BIM ikutsatidwa moona, modelo singathe popanda mbali ya magetsi, ndiye amakakamizika kutiitana msanga. Tsiku lothira silabu lisanafike pamakhala pepala lotuluka m'modelo losonyeza ma sleeve onse, mabokosi a magetsi a mu silabu, ndi pokwerera mawaya kupita m'mwamba, ndi miyeso yake kuchoka pa mizere ya gridi. A kapitawo amalandira pepalalo, inu mumasaina kuti zaikidwa, kenako konkire. Ndiye chida chimenechi chimatipatsa mpando pa msonkhano umene kale tinkangomva kuti unachitika.

Madala a ku Ndirande, 20:06
Mpando wokhawo ndiye ndaukonda.

QS wa ku Limbe, 20:19
Ndilowepo pa za ndalama ine QS, wowerengera katundu ndi mitengo, poti a ku Chirimba afunsa za mtengo.

Inu nonse mukudziwa mmene zinthu zilili. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Katundu wa magetsi pafupifupi yense ndi wochokera kunja. Kotesheni ya m'sitolo masiku ano imakhala ya masiku owerengeka. Ndiye kulakwitsa kuwerengera kumapweteka kawiri. Ukagula zambiri, ndalama yagona mu katundu. Ukagula zochepa ndiye zoopsa, chifukwa pobwerera mtengo wasintha, kapena mtundu umenewo watha, nyali khumi zotsalazo ziyenera kuchokera ku Johannesburg kudzera pa Mwanza, uyambirenso kusaka forex, masabata akupita, chilango cha kuchedwa chikukudikira.

Modelo yabwino imakupatsa mndandanda: masoketi angati, maswitchi angati, nyali za mtundu uti zingati, chipinda ndi chipinda, nsanjika ndi nsanjika, mamita a tray ndi makona ake. Zimene ine ndimawerenga masiku atatu ndi cholembera cha mitundumitundu, zimatuluka nthawi yomweyo. Akasintha chipinda, chiwerengero chasinthanso. Ndiye umatha kuitanitsa zochokera kunja kamodzi, koyambirira, mtengo usanathawe.

Koma ndikuchenjezeni zinthu ziwiri. Choyamba, modelo imawerenga zimene zajambulidwa zokha. Ma saddle, ma gland, ma lug, masikuluwu, guluu wa conduit, nthawi zambiri palibe amene amazijambula. Mukadalira mndandanda wokhawo mudzazigula ndi ndalama ya m'thumba. Chachiwiri, werengani kontrakiti muone chomwe chili ndi mphamvu zikasemphana, BOQ (mndandanda wa katundu ndi mitengo), mapulani osainidwa, kapena modelo. Ngati sanalembe, funsani mwa kalata tenda isanatsekedwe.

Mwana wa Poly, 20:23
Koma a QS, Revit imawerengeranso utali wa waya pa circuit iliyonse. Tinaziona.

Mayi Injiniya, 20:31
Samala pamenepo mng'ono wanga. Imapereka nambala, inde, koma ndi yongoyerekeza. Siidziwa kuti waya wanu wakwera mu siling'i, wazungulira bimu, watsika pa switchi, wabwereranso. Pokhapokha wina atakhala pansi n'kukonza njira ya circuit iliyonse, nambala ija musagulire waya. Mawaya ang'onoang'ono a 1.5 ndi 2.5 palibe amene amawajambula mmodzimmodzi. Kumene modelo imathandiza zedi ndi pa makebulo akuluakulu oyenda pa tray, ngati ija yagona ku Chirimba, chifukwa njira ya tray imakhala yeniyeni ndi makona ake onse.

Ndipo utali ukadziwika bwino, voltage drop, kutsika kwa mphamvu ya magetsi m'waya wautali, imawerengeka bwino. Malamulo a BS 7671 amene ambiri timatsata amalangiza kuti isapyole 3 peresenti pa nyali ndi 5 peresenti pa zina. Njira ikatalika ndi mamita 20 chifukwa chozemba bimu, mwina kebulo iyenera kukula saizi. Kuli bwino kudziwa zimenezo musanagule. Chinanso ndi kugawa katundu pa ma phase atatu. Pa 400V ya three phase, modelo imaonetsa pa ndandanda ya DB kuti phase iyi yalemedwa, iyi ili yopepuka. Wina akawonjezera ma aircon anayi m'chipinda cha misonkhano, mumaona pomwepo pamene papendekeka.

Wasola wa ku Machinjiri, 20:44
Ine ndionjezere za mbali yathu. Chiyambire pamene namondwe Ana anaononga Kapichira mu January 2022 n'kukhala miyezi yambiri magetsi akuzimazima, palibe kasitomala wa ofesi amene safuna jenereta kapena sola. Koma amakumbuka nyumba itatha. Ife tikafika timapeza palibe njira yotsitsira mawaya a DC kuchoka padenga, palibe chipinda cha mabatire chopita mphepo, ndipo DB ndi imodzi, giza ndi makompyuta zili pamodzi. Kuti ulekanitse zofunika kuyaka nthawi zonse ndi zosafunika, umachita kumasula bodi yonse n'kumasaka waya mmodzimmodzi ndi tester. Zikanakhala kuti circuit iliyonse inalembedwa m'modelo kuti iyi ndi essential iyi ayi, ndipo anasiya conduit yopanda kanthu yopita padenga, ntchito ya masabata awiri ikanakhala ya masiku atatu. Ngakhale atati sola adzaika patapita zaka.

Wamagetsi wa ku Chirimba, 20:50
Zonsezi ndamva ndipo zikukoma. Koma funso langa lija lilipobe. Ndigule Revit? Laputopu yanga ndi ya ma invoice, ikatsegula PDF yaikulu imalira ngati chigayo.

Mayi Injiniya, 21:05
Musathamangire kugula. Revit siigulidwa kamodzi n'kukhala yanu, mumalipira mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka, mtengo wake ndi wa madola, ndipo imafuna kompyuta ya Windows yamphamvu. Palinso Revit LT yotsikirako mtengo, koma ilibe zida zojambulira magetsi ndi mipope, ndiye musanyengeke nayo. Komanso fayilo yosungidwa mu Revit yatsopano siitseguka mu yakale, ndiye anthu a pa ntchito imodzi amayenera kugwirizana chaka cha pulogalamu.

Funso ndi loti akufuna muzijambula kapena muzingoona? Ngati ndi kuona, kuyeza ndi kuwerenga zimene zili m'modelo, pali zaulere. Navisworks Freedom ndi yaulere, imatsegula mafayilo a NWD. Autodesk Viewer imagwira pa intaneti osaika chilichonse. Ndipo pali mtundu wa fayilo wotchedwa IFC, umene si wa kampani imodzi, amauyang'anira ndi a buildingSMART. Revit ndi ArchiCAD zonse zimatha kutulutsa IFC, ndipo mapulogalamu aulere ngati BIMvision amaitsegula. Ofuna kuphunzira kujambula osalipira atha kuyesa FreeCAD kapena Bonsai imene imakhala mu Blender. Za kuwala kwa nyali pali DIALux, nayonso yaulere.

Ndiye mawa lembani kalata kwa a consultant mufunse izi. Modelo ya magetsi wapanga ndani ndipo azisintha ndani? Mudzailandira mu fayilo yanji? Yafika mulingo wanji, chifukwa pali imene amati LOD 300 yosonyeza kukula ndi malo a chinthu, ndi LOD 400 yofika poti mutha kudulira ndi kupangira zinthu. Ngati akufuna inu muikweze kufika 400, imeneyo ndi ntchito yolipiritsa. Pomaliza akufuna modelo yokonzedwa ndi inu, kapena mapulani olembedwa ndi cholembera chofiira oti iwo akalowetse? Ndipo ngati ali ndi BIM Execution Plan, chikalata chofotokoza mmene BIM iziyendera pa ntchitoyo, akupatseni. Ngati alibe, mudziwe kuti mwina mawuwo anangowakopera pa tenda ya kunja.

QS wa ku Limbe, 21:08
Zokopera zimenezo zilipo zambiri 😂 Ku UK boma linalamula BIM pa ntchito zake kuyambira 2016, ndipo muyezo wa BIM wotchedwa ISO 19650 unayamba kutuluka mu 2018. Ndiye ndime zake zimayendayenda m'mapepala a tenda, wina amangoti koperani, matani.

Mwana wa Poly, 21:10
Achimwene a ku Chirimba, ine ndili ndi Revit ya ana asukulu, yaulere. Nditha kukujambulirani, muzingondipatsa ya bandulo.

Adimini, 21:14
Iwe mwana, layisensi ya sukulu ndi yophunzirira, si yogwirira ntchito ya malonda. Usawaike achimwene ako m'mavuto. Ndiponso amene akufuna kutumiza ma link a mapulogalamu obedwa pa gulu pano, ndikuchotsani. Chaka chatha wina anatumiza, anthu atatu mafayilo awo anatsekedwa ndi vairasi.

Mwana wa Poly, 21:15
Pepani akulu. Ndiye ndingowathandiza kutsegula IFC ndi kuwaonetsa moyendera.

Adimini, 21:15
Zimenezo zili bwino.

Madala a ku Ndirande, 21:34
Ndili ndi lina. Modelo yatha, yokongola, zonse zakwanirana. Tayamba ntchito. Lachiwiri akubwera abwana ndi madamu awo, madamu akuti soketi iyi isakhale apa, pabwera kabati. Lachinayi wabwera wochita lendi, akuti chipinda ichi tichigawe pawiri. Omanga nawo khoma alisuntha masentimita 20 chifukwa njerwa sizinakwane bwino. Palibe amene wauza wa kompyuta uja, ali ku Lilongwe. Pakutha mwezi modelo ikunena za nyumba ina, ife tikumanga ina. Tsopano mnyamata wanga akhulupirire foni kapena tepi?

Kapitawo wa ku Bangwe, 21:36
Tepi, madala. Tepi siinama.

Mayi Injiniya, 21:47
Tepi, inde. Ndipo modelo yakale ndi yoopsa kuposa kusakhala nayo, chifukwa imaoneka ngati yoona. Ndinagwirapo ntchito ina kumene modelo inasiyidwa mwezi wachiwiri, aliyense n'kubwerera ku WhatsApp ndi mapepala, ndalama yojambulira inangopita m'madzi. Kuti zitheke pamafunika munthu mmodzi wodziwika amene kusintha kulikonse kumadutsa kwa iye, ndi malo amodzi pa intaneti pamene pali fayilo yatsopano, osati aliyense ndi yake pa flash. Ndipo ndinene mosabisa: nyumba yogona ya zipinda zitatu ku Chigumula siifuna zonsezi. Pulani yabwino ndi wamagetsi woitanidwa nthawi yake zakwana. Phindu limayamba kuoneka pa nyumba zosanja, zipatala, mahotela, mafakitale a ku Makata, kumene mu siling'i mumadutsa zinthu za anthu asanu.

QS wa ku Limbe, 21:55
Poti tili tokhatokha, tinene ndi ichi. Ena mwa ife timapha tenda ndi mtengo wotsika tikudalira kuti tidzadyera pa ma variation, zosintha ndi zowonjezera zimene zimalipiridwa padera. Pulani ikakhala ndi zolakwika zambiri, ndi munda umenewo. BIM ikayenda bwino munda umenewo umachepa. Ndiye mtengo wanu woyamba uzikhala woona, wokhala ndi phindu kale.

Koma kumbali ina, variation yeniyeni imavuta kuikana. Muli ndi modelo ya tsiku limene munasaina ndi ya lero, kusiyana kwake kukuoneka, masoketi 30 awonjezeka pa nsanjika yachiwiri. Palibe zoti tinakuuzani pakamwa.

Wamagetsi wa ku Chirimba, 21:58
Zoti tinakuuzani pakamwa zandidyera ndalama zambiri kuposa kebulo ija.

Wasola wa ku Machinjiri, 22:03
Komanso kuba. Ukadziwa kuti nsanjika yoyamba ikufuna ma roll angati, umabweretsa omwewo, ena amakhala kunyumba. Kopa akagona pa saiti amamera miyendo.

Mayi Injiniya, 22:09
Ndipo miyeso ikatsimikizika ndi tepi, ma bracket a tray, zidutswa za trunking, ngakhale DB yonse mutha kukonzeratu ku wekishopu kwanu, pa benchi, pali magetsi ndi mthunzi, n'kupita nazo kukangomangirira. Anyamata amachepetsa nthawi yokhala pamwamba pa scaffold akudula zitsulo.

Madala a ku Ndirande, 22:26
Ija nkhani ya kupereka zosonyeza momwe mwaikiradi, imeneyo ndiye ndiigwirizana nayo ndi mtima wonse, kompyuta kapena ayi. Freddy atadutsa mu March 2023 ndinaitanidwa m'nyumba zingapo zimene madzi analowa, cha ku Chilobwe ndi kwina. Palibe ndi imodzi yomwe imene mwini wake anali ndi pepala losonyeza kumene mawaya adutsa. Ena anawayendetsa mokhotakhota pakhoma ngati njira ya mbewa, pamene lamulo limati waya wokwiriridwa ayende mowongoka kuchoka pa soketi kapena switchi, chokwera kapena chopingasa molunjika, kapena m'kati mwa mamilimita 150 kuchoka pa kona ngakhale pamwamba pa khoma. Umachita kugogoda khoma ngati sing'anga.

Ine ndili ndi mahadikava 11. Nyumba iliyonse imene ndinaikamo magetsi ndinajambula ndi dzanja, DB ndi ma circuit ake. Masiku ano ndimajambulanso ndi foni makoma onse asanapake pulasitala, tepi ili pomwepo. Anthu amandiimbira patapita zaka 20, madala paipi ya ku cooker inadutsa pati, ndimatsegula buku.

Mwana wa Poly, 22:29
Madala, ndiye kuti inu BIM munayamba kale. Information yonse ili m'mahadikava.

Madala a ku Ndirande, 22:31
Kusiyana kwake n'koti anga chiswe chinadyako awiri.

Adimini, 22:33
Tagonani akuluakulu, mawa ntchito. A ku Chirimba mudzatiuze akakuyankhani.

Wamagetsi wa ku Chirimba, Lachisanu 16:12
Ndabwera ndi yankho. Ndinalemba kalata monga ananenera Mayi Injiniya. Akuti modelo ya magetsi apanga okha ndipo azisintha okha, ife tizilandira IFC ndi ma PDF, ndipo pomaliza tipereke mapulani olembedwa zofiira ndi zithunzi, iwo akalowetsa. Chokhacho akufuna munthu wathu azipezeka pa msonkhano wa modelo sabata ziwiri zilizonse. Zikasemphana, champhamvu ndi mapulani osainidwa. Ndiye Revit sindigula. Ndaika pa mtengo tabuleti imodzi ya pa saiti, bandulo, ndi masiku a misonkhano.

Anatumizanso fayilo kwa onse opikisana. Dzulo madzulo tinaitsegula ndi mwana wa Poly pa laputopu yake. Sitinathe ndi ola limodzi, tapeza DB ya nsanjika yachiwiri ili kuseri kwa chitseko cha masitepe, chikatseguka chikuiphimba. Ndipo pokwerera makebulo, bowo la pa silabu yoyamba silikulunjikana ndi la pa yachiwiri.

QS wa ku Limbe, 16:15
Lembani kalata ina lero lomwe, tenda isanatsekedwe. Musasunge kuti mudzadyerepo, adzati munaona.

Mayi Injiniya, 16:18
Mutumize ndi chithunzi cha pa sikirini, mutchule gridi ndi nsanjika. Muyang'anenso ngati chitseko cha chipinda cha jenereta chikukwana kulowetsa jeneretayo.

Wamipope wa ku Zingwangwa, 16:20
Mapaipi anga mwawaona momwemo? Musawakhudze.

Wamagetsi wa ku Chirimba, 16:21
Tawaona, obiriwira. Amodzi adutsa pamwamba penipeni pa main board. Alowa m'kalata.

Madala a ku Ndirande, 16:40
Mwana wa Poly, mawa Loweruka ubwere ndi laputopu yakoyo kuno ku Ndirande, utsikire pa msika undiimbire. Ndikufuna ndione ndekha bowo losalunjikalo. Ubwere ndi chaja, ndipo zilembo uzikulitse, magalasi anga anasweka.

Mwana wa Poly, 16:41
Chabwino madala, cha m'ma 9. Mundionetseko mahadikava aja.

Kapitawo wa ku Bangwe, 16:52
Pepani kudula nkhani. Alipo ali ndi spring yopindira conduit ya 25 andibwereke mpaka Lolemba? Tikuthira silabu Lachiwiri, wamagetsi wathu yake yasowa.